Makalipa Ofiira a Achimwene

Ntchito yanga yoyamba ndinaipezera pa geti ya tchalitchi. Ndinali nditamaliza Fomu Folo, ndikungokhala pa Manja kuthandiza amayi kugulitsa makala, ndiye achinyamata atauzidwa kuti akapente getiyo ndinapita nawo. Anyamata ankangopaka penti pamwamba pa dzimbiri kuti amalize msanga akaonere mpira. Ine zinandinyansa. Ndinatola chibanthu cha njerwa n'kuyamba kukwecha kaye dzimbirilo. Bambo wina wamtali, wa imvi, anaima kumbuyo kwanga akuyang'ana ntchito yanga, kenako anati, "Iwe mtsikana, dzina lako ndani?" Ndinati Edina. Anati, "Lolemba ubwere ku Ginnery Corner. Usavale siketi."

Bambowo anali a Fenando, folomani wa galaja ina yowongola ndi kupenta magalimoto. Agogo awo anachokera ku Mozambiki, ndipo iwo akapsa mtima ankatukwana m'Chipwitikizi kuti tisamve. Galajayo inali ya mmwenye wina, bwana Karimu, munthu wofatsa amene ankangokhala mu ofesi. Za kunja zonse zinali m'manja mwa a Fenando.

Musaganize kuti anandipatsa sipuleyi gani, mfuti yopopera penti ija, tsiku lomwelo. Ayi ndithu. Miyezi yoyamba ntchito yanga inali ndowa ya madzi ndi sandipepa. Ndinkakwecha zitseko ndi mabampa mpaka nsonga za zala zinaperepeseka, moti kugwira kapu ya tiyi kunali kulira. Nditachoka pamenepo anandiika pa tepi. Kumata tepi ndi manyuzipepala pa magalasi, pa malabala, pa nyali, paliponse pamene penti isafike. A Fenando ankabwera n'kuyendetsa chikhadabo m'mphepete mwa tepiyo, akapeza kampata ankamasula yonse, n'kundisiyira ndiyambirenso. Ndinkawatukwana mumtima, sindibisa. Anyamata a pagalajapo ankanditcha Mayi Tepi, ndipo aliyense wonditcha choncho ndinkamuyankha moti sankabwerezanso tsiku limenelo.

Nthawi imeneyo kunali kutabwera fashoni. Anyamata a m'tauni ankaitanitsa magalimoto a ku Japan kudzera ku Dar es Salaam, n'kuika m'mateyala marimu a mipata ikuluikulu, ndiye aliyense ankafuna kuti zitsulo zooneka kuseri kwa rimu zikhale zofiira kapena zachikasu. Chitsulo chimenecho timachitcha kalipa. Ndi chimene chimapana diski, chimbale chachitsulo chozungulira pamodzi ndi teyala, ukaponda buleki. M'kati mwake muli pisitoni yokankha mapadi, tizidutswa tokhuza pa diskiyo, muli labala yotsekera kuti mafuta a mabuleki asatuluke, ndiponso mapini awiri amene kalipayo imatsetserekapo. Chikalakwika chimodzi mwa zimenezi, galimoto siima bwino.

Anthu amaona ngati kupenta kalipa ndi ntchito ya ola limodzi. Ife tinkakweza galimoto pa jeke n'kuikhazika pa masitandi, kuchotsa mateyala, kupana paipi ya mafuta, kumasula kalipa n'kuchotsa mapadi. Dzimbiri tinkalichotsa ndi bulashi ya waya, n'kutsuka ndi mankhwala ake a mabuleki amene amauma okha osasiya mafuta. Kenako ine ndi tepi yanga: pisitoni, malabala, mabowo a mapini, kabawuti kotulutsira mpweya, zonse kuziphimba. Pulayima, penti yoyambira pansi, kenako penti yopirira moto, mopyapyala, kudikira iume, kubwerezanso. Galimoto inkagona pagalaja. M'mawa mwake kubwezera zonse, kupaka girisi wake wa mapini, kutulutsa mpweya m'mapaipi, a Fenando n'kukaiyesa pamsewu. Ndiye mtengo wake unkafanana ndi wa mbuzi yabwino, pamene chitini cha penti yopopera ku Limbe chinali mtengo wa nkhuku. Anthu ambiri akamva mtengo wathu ankaseka n'kubwerera.

Mmodzi mwa anthu osekawo anali achimwene anga, a Lameki. Ndiyenera kunena kuti a Lameki anali ndani kwa ine. Bambo athu atamwalira, iwo anasiya sukulu n'kuyamba ntchito mu shopu ya mafoni m'tauni, ndipo fizi yanga yonse ya ku sekondale inachokera m'thumba mwawo. Nsapato yanga yoyamba ya ku galaja anagula ndi iwo. Patapita zaka akusunga, anaitanitsa galimoto yawo, yakuda, ya mtundu wosowa, moti mu Blantyre monse ndinali nditaonapo ina imodzi yokha. Ankaipukuta m'mawa ndi madzulo. Tsopano anali pafupi kukwatira mtsikana wa ku Chirimba, Chisomo, ndipo anali atauza aliyense kuti mkwatibwi wawo sadzakwera galimoto yobwereka. Adzakwera yawo, kuchokera ku tchalitchi ku Chirimba mpaka ku holo ku Limbe, kutsogolo kwa mdipiti wonse.

Kutatsala sabata kuti ukwati uchitike anabwera kugalaja kudzafunsa za makalipa ofiira. A Fenando atatchula mtengo, achimwene anayang'ana ine.

"Edina, mbuzi yathunthu chifukwa cha tizitsulo tinayi? Auze kuti ndine m'bale wako."

Ndinati, "Achimwene, penti yake yokhayo ndi yodula, ndipo galimoto iyenera kugona kuno. Dikirani ukwati uthe, ndidzakupangirani ndekha Lamlungu lina, mudzangogula penti."

"Ukwati utatha adzaone ndani? Iwe wayamba kulankhula ngati abwana ako." Anaseka, nandigwira paphewa. "Usadandaule, aise. Kupenta si udokotala."

Ndinawauza kuti asakhudze, koma iwo anali atalowa kale m'galimoto. Sabata imeneyo ankagona kwa mnzawo ku Chitawira chifukwa kwathu kunadzaza alendo, ndiye sindinaone chimene anachita.

Ndinachiona Lachisanu m'mawa, ukwati uli mawa lake. Fungo ndi limene linayamba kulowa pageti, fungo la chinthu chopserera, galimoto n'kubwera pambuyo ikulira fyee ngati wilibala. Teyala lakumanzere kutsogolo linkatuluka utsi. Nditayandikiza dzanja pa rimu ndinalibweza msanga, kunali moto. Makalipa anali ofiiradi, koma penti inali itatuwa n'kutupa matuza, ndipo kufiirako kunali paliponse: pa diski, pa mapadi, pa paipi, ngakhale m'kati mwa rimu.

Achimwene anatuluka atavala kumwetulira kwa munthu wamantha. "Ikungokoka pang'ono kumanzere. Potsetsereka pa Kamba buleki inalowa pansi, koma nditapopa inagwira. Tangoionani msanga, ndikufuna ndikatenge keke."

A Fenando anandikodola, tinaikweza pa masitandi. Teyala lakumanzere silinkazungulira ndi manja, mpaka mnyamata wina anachita kulipondera. Nditamasula kalipa, mapini anakana kutuluka. Labala yotchinga fumbi inali itafufuma, yofewa ngati chingamu chotafuna. Ndinainunkhiza, n'kutembenukira kwa achimwene.

"Achimwene, munatsukira chiyani?"

"Palafini. Zinali ndi mafuta ambiri, penti sikanagwira. Ndinazimasula n'kuziviika m'beseni usiku wonse, zikulendewera ku mapaipi ake. Zinayera bwinobwino."

Koma abale! Kwathu ku Manja aliyense amatsukira palafini tcheni cha njinga, loko wa chitseko, chilichonse chachitsulo, ndiye iwo anaona ngati achita zanzeru. Koma malabala a mabuleki sagwirizana ndi palafini ngakhale pang'ono. Amamwa n'kutupa. Titatulutsa mapisitoni ndi mpweya wa kompulesa tinapeza kuti palafini analowa mpaka ku labala ya m'kati, m'makalipa onse awiri akutsogolo. Pisitoni inkapita koma osabwerera, ndiye buleki inkagwira yokha nthawi zonse, n'kutentha mpaka mafuta kuwira. Mafuta akawira, phazi limangolowa pansi. Mapadi nawo anali atamwa palafini ndi penti. Akumbuyo okha ndi amene anapulumuka, chifukwa palafini anawathera asanafikeko.

A Fenando anati, "Mapadi tili nawo. Madiski tipala. Koma popanda malabala atsopano palibe chimene tachita. Edina, thamanga ku Limbe."

Ndinakulunga labala imodzi m'pepala n'kukwera minibasi. Inali ya kondakitala wodikira munthu aliyense woyenda pansi, ndipo pa Chichiri tinaima mpaka ndinamukalipira, anthu n'kumandiseka. Pofika ku Limbe, ndinamva mazenera achitsulo akutsika mbali zonse. Ndinali nditaiwala kuti ndi Lachisanu. Eni mashopu a zipangizo za magalimoto ambiri ndi Asilamu, masana amatseka kupita ku mzikiti, ndipo palibe chimene ungachite koma kudikira. Ndinakhala pa khonde la shopu ina, ovololo ili thukuta lokhalokha, foni ikungolira. Achimwene. Achimwene. Achimwenenso. Ndinasiya kuyankha.

Atatsegula ndinayenda shopu ndi shopu. Aliyense ankatenga labalayo, kuiyang'ana, kufunsa mtundu wa galimoto, n'kupukusa mutu. Mkulu wina wachifundo anaimbira anzake ku Lilongwe, nawonso analibe. Anati, "Mwana wanga, iyi tiitanitse ku Joni. Sabata yamawa ifika." Ndinadutsa ku Ndirande, kumsika wa zitsulo zakale, kumene amati ngakhale ndege ungapeze mapiko ake. Anyamata anandizungulira, aliyense akulumbira kuti ali nayo. Anandibweretsera makalipa a mitundumitundu, koma mabowo a mabawuti osagwirizana. Ndinabwerera ku Ginnery Corner dzuwa litapendeka, manja ali lende.

Achimwene ndinawapeza atakhala pa teyala, tayi atamasula. Nditawauza, anadzuka pang'onopang'ono.

"Ndiye bwezerani zomwezo. Pukutani bwinobwino, ikani mapadi atsopano. Galimoto ya ukwati sithamanga. Ndimuuza woyendetsa aziyenda ngati kamba."

Ndinati, "Si nkhani ya liwiro. Buleki ikugwira yokha. Kuchokera ku Chirimba pofika m'tauni idzakhala itatentha kale, ndiye minibasi ikadzaima mwadzidzidzi kutsogolo kwanu mudzaponda chiyani? M'galimotomo mukhala alamu, mukhala tiana ta maluwa."

"Ndabwera nayo bwanji kuchokera ku Chitawira? Sindinafike?"

"Munafika mwamwayi!"

Anatembenukira kwa a Fenando. "Madala, galimotoyi ndi yanga kapena ndi yanu?"

A Fenando anapukuta manja nthawi yaitali. Kenako anati, "Ndi yanu. Ndakuchenjezani, ndipo anyamata onsewa amva. Koma galaja si polisi. Mukati tibwezere, tibwezera." Bwana Karimu anali ataima pakhomo la ofesi. Nditawayang'ana anakweza manja nati za pabanja asalowetsedwemo, n'kutseka chitseko.

Nthawi yomweyo foni yanga inalira. Anali amayi. Achimwene anali atawaimbira kale. Kumbuyo kwawo ndinkamva azimayi akuimba, akusenda mbatata za mawa.

"Edina, ukutani kumeneko? Mchimwene wako wauza dziko lonse za galimoto imeneyo. Akuchikazi adzatiseka. Anthu abwera kale kuchokera ku Thyolo. Usamuchititse manyazi mwana amene anakuphunzitsa."

"Amayi, mabuleki ake ndi oopsa."

"Mulungu alipo, adzawateteza. Konza msanga ukayese diresi lako kwa telala."

Ndinabwerera pa benchi. Makalipa awiri anali pamenepo, mapisitoni pambali, malabala otupa aja ali m'mbale. Kubwezera kunali kotheka. Ukaikankha ndi chala n'kumenya pisitoni ndi chipika, imalowa. Galimoto ikanatuluka, mwinanso ikanakafika ku Limbe popanda kanthu, ine n'kuvina nawo ngati wina aliyense. Zimenezo ndinkazidziwa. Koma ndinkaonanso Chisomo atakhala kumbuyo ndi velo lake, ndi mwana wa achemwali athu wa zaka zisanu atanyamula dengu la maluwa, ndipo manja obwezera malabalawo akanakhala anga. Ndinachita mantha kwambiri, ndiponso ndinapsa mtima. Ndinapsera mtima achimwene, a Fenando, amayi, ngakhale palafini amene.

"Changu, Edina," anatero achimwene. "Kukuda."

Ndinatulutsa kampeni kanga kodulira tepi. Ndinatenga labala yoyamba n'kuidula pakati. Ndinatenga yachiwiri n'kuidulanso, kenako zotchinga fumbi zonse. Zidutswazo ndinaziika m'dzanja mwawo.

Ndinati, "Tsopano palibe chobwezera. Galimotoyi situluka."

Mnyamata wa pa kompulesa anaizimitsa. Achimwene anayang'ana m'dzanja mwawo, n'kuyang'ana ine. Ndinkayembekezera khofi, ndipo ndikanalilandira. Sanandimenye. Misozi inalengeza m'maso mwawo, chinthu chimene sindinachione ngakhale pa maliro a bambo.

"Ndinasiya sukulu chifukwa cha iwe," anatero motsitsa mawu. "Mawa usabwere. Ndikakuona pa tchalitchi ndidzakutulutsa ndekha."

Anataya zidutswazo pansi n'kutuluka pageti wapansi. Ine ndinakhala pa teyala lija n'kuyamba kulira mokweza, osasamala anyamata. A Fenando anadikira ndimalize. Kenako anati, "Wawononga katundu wa kasitomala. Zatsopanozo zichokera pa malipiro ako." Anatola chidutswa chimodzi, nachifinya pakati pa zala. "Pa galimoto ya munthu wina usadzayerekeze. Pa ya m'bale wako, kaya."

Madzulo amenewo sindinapite ku Manja. Ndinakagona kwa mnzanga ku Naperi, ndipo Loweruka m'mawa ndinapita kuntchito, poti ndikanapitanso kuti? Diresi langa la chitenje cha ukwati, chofanana ndi cha abale onse, linatsala kwa telala. Ndinakhala pansi pa galimoto yakuda ija ndikupala penti pa madiski ndi sandipepa.

Cha m'ma leveni ndinamva mahutala kuchokera m'tauni. Loweruka lililonse maukwati amadutsa pamenepo, koma ndinadziwa kuti ndi umenewu. Ndinathamangira kumsewu waukulu, sandipepa ili m'manja. Kutsogolo kunali kagalimoto koyera, kakalekale, ka malume ake a Chisomo, chitseko chimodzi cha mtundu wina, maliboni atamangidwa mothamanga. Kumbuyo kwake malole ndi maminibasi, azimayi atatulutsa mitu m'mawindo akululutira. Pafupi ndi siteji, minibasi ina inaima pakati pa msewu kuti itole munthu, monga amachitira masiku onse. Kagalimoto koyera kanaima. Kanangoima basi, bwinobwino, woyendetsa n'kuliza hutala, wa minibasi n'kutukwana, ndipo palibe aliyense amene anaona kuti pachitika kanthu.

Kagalimoto ka akwati kaja kanaima pafupi kwambiri ndi pamene ndinali. Achimwene anandiona n'kutembenuzira nkhope kumbali. Chisomo anakweza zala pang'ono pansi pa maluwa ake. Mwana wa achemwali uja anakuwa, "Anti Edina! Anti Edina, kwerani!" Kenako msewu unatseguka, anapita.

Malabala anafika sabata yotsatira. Ntchito yonse ndinaigwira ndekha, a Fenando akungoyang'anira: kupala penti ya chitini ija, kutsuka, kumata tepi, pulayima, penti yopirira moto, mapadi atsopano, mafuta atsopano. Pamodzi ndi zonse zimene palafini anawononga, mtengo unaposa mbuzi ija kutalitali. Anabwera kudzalipira ndi kutenga galimoto anali alamu anga, Chisomo, ndi woyendetsa. Anangondipatsa chidutswa cha keke chokulunga m'pepala, chitauma kale, ndipo ndinachidya chonse.

Achimwene anakhala osandilankhula mpaka mwana wawo woyamba atabadwa. Chibale ndi fupa, sichiwola, lero timachezerana, timaseka, ana awo amagona kwanga. Koma za tsiku lija sanazitchulepo, ndipo sananenepo kuti ndinachita bwino. Amayi mpaka lero amati ndinali ndi mtima wouma. Sindingawatsutse ndi umboni, chifukwa ngozi imene sinachitike ilibe mboni. Mwina galimoto ija ikanafika. Ine sindidziwa, iwonso sadziwa.

Tsopano ndili ndi kagalaja kanga ku Chirimba. Munthu akabwera n'kuseka mtengo wa makalipa, sindikangana naye. Ndimamuuza kuti akhoza kupenta yekha, n'zotheka ndithu, bola agule penti yopirira moto, aphimbe malabala ndi diski, achotse mapadi, ndipo palafini asayandikire. Ndimamuonetsa ndi pomata tepi, ulere. Chimene ndinaphunzira n'chakuti pa ntchito ya mabuleki kukongola ndi kotsika mtengo, chodula ndi kusamala malo amene penti siyenera kufika. Ndinaphunziranso kuti ukakaniza munthu chinthu choopsa usadikire zikomo, ndipo nthawi zina wolipira kwambiri umakhala iweyo.

Kwa amayi ku Manja, pabalaza, pali chithunzi chachikulu cha ukwati uja. Abale onse alipo atavala chitenje chofanana, ngakhale a ku Thyolo amene sitidziwa bwino maina awo. Tsiku lina mwana wamkulu wa achimwene anachiyang'anitsitsa, akuloza mmodzimmodzi, kenako anafunsa, "Nanga anti Edina ali pati?" Achimwene anali pompo, akumwa tiyi. Anaika kapu pansi, osayang'ana aliyense. Ndinadikira kuti mwina ayankha.

Ndinati, "Ndinali kuntchito, mwanawe."